Mpeni m'maluwa

Nkhondo ya ku Lebanoni itafika povuta, ine ndinali namwino pachipatala china m'kati mwa mzinda wa Toronto. Tsiku lina kuwodi yathu anabweretsa mkulu wa asilikali wochokera kumeneko, mwendo wake uli wodzaza tizitsulo ta bomba. Pakhomo pa chipinda chake pankakhala mlonda, chimunthu chosaseka.

Wotsuka balalo ndinali ine. Ululu ukakula ankalankhula. Anati anabadwira kumapiri, bambo ake anali mlimi, ndipo usilikali analowa pothawa khasu. Asilikali a boma atagawikana, iye anatenga anyamata ake ndi mfuti n'kukalanda dera lakwawo. Tsopano nduna zinkamuimbira foni ali chigonere.

"Iwo amasaina mapepala," anatero, "koma misewu ndimatsegula ndine."

Ndinapitiriza kutsuka balalo. Kwathu ku Zomba tinakula tikudziwa kuti za ndale umangomva, pakamwa n'kutseka.

Masana ena ndikumanga bandeji, kunabwera madala ena, ali okha, atanyamula maluwa. Analankhula mwaulemu m'chinenero chawo, mlonda n'kuwalola. Atafika pabedi anasolola mpeni m'maluwamo n'kumubaya wodwala uja paphewa. Magazi anandiwazikira kumaso. Mlonda anawagwira dzanja, kulipotokola mpaka fupa linamveka kuti thyo! Kenako anawamenyetsa mutu kukhoma, kuwamenyetsanso, mano akugwera pansi.

"Muwapha!" ndinakuwa, manja anga atapanikiza bala la paphewa lija.

Ali pansi, madalawo ankandiyang'ana akubwereza m'Chingerezi chothyoka: "Ana anga, ana anga."

Mkulu wa asilikaliyo, nkhope itayera, anandinong'oneza: "Sindikuwadziwa ana akewo. Analipo ambiri."

Nkhani yonse ndinaimva kwa akazi a madala aja, amene ndinawapeza akulira panja pa chipinda cha opaleshoni. Madalawo anali ophika buledi ku Scarborough, dera la kum'mawa kwa Toronto. Ana awo aamuna awiri anatsalira kwawo ku Lebanoni kuti amalize sukulu. Anyamata a mkulu uja anawatsitsa m'basi, anawafunsa chipembedzo, n'kuwawombera m'ngalande.

Wodwala wanga anachira n'kubwerera kunkhondo, ndipo patapita nthawi ndinamuona pa wailesi ya kanema atakhala patebulo la zokambirana za mtendere, atavala suti. Madala aja anapita kundende ndi dzanja lopuwala. Ine ndinapempha kuti andisamutsire kuwodi ya amayi oyembekezera, ndipo ndinagwira kumeneko mpaka kupuma ntchito.