Tsiku Limene Letesi wa Amayi Anadzuka

Dzulo pamsika wa Mitundu ndinagula letesi wonyowa, ndipo fungo lake linandibwezera kudimba kwa amayi ku Nathenje.

Dzuwa la Okutobala likayamba kuwawa, amayi ankazika timitengo ta mphanda n'kufolera udzu pamwamba pa letesi amene ankagulitsa kwa anamwino. Ine ndinkamumvera chisoni letesiyo. Kumutsekera mumdima chonchi, walakwanji? Tsiku lina amayi atapita kumaliro, ndinasasula udzu wonse kuti nayenso aone kumwamba.

Pofika masana masamba onse anali atagona pansi ngati nsanza. Amayi anandipeza ndikulira kuti ndapha letesi.

Sanandimenye. "Tola udzuwo, iwe," anatero. Tinafoleranso, iwo n'kuthirira m'tsinde pang'onopang'ono.

Dzuwa litapendeka, tsamba lina linadzuka ndikuona ndi maso angawa, kenako lina, mpaka bedi lonse linaima njo. Ndinayang'ana manja a amayi, amatopewo, mantha n'kundigwira. Amayiwa amaukitsa akufa! M'mawa mwake ndinawabweretsera kamwanapiye kanga kakufa, ndipo anaseka mpaka misozi.

Lero ndikudziwa kuti unali mthunzi ndi madzi chabe, komabe letesi akafota m'dimba mwanga, ndimafunafuna manja aja.