Mayi a pa laini yachinayi

Ntchito yanga yoyamba ku Leeds, mzinda wina wa kudziko la azungu, ndinaipezera pakhomo la tchalitchi. Ndinali nditangomaliza digiri ya utolankhani, makalata ofunsira ntchito akungobwerera ndi mayankho opepesa. Bambo wina wa mumpingo mwathu, amene ankakonza makina pa wailesi ina yaing'ono mumzindamo, anandinong'oneza kuti kukufunika munthu woyankha mafoni pa pulogalamu ya m'mawa. Akuluakulu a wailesiyo anandifunsa mafunso Lachitatu, Lolemba ndinayamba. Anandipatsa miyezi itatu yondiyesa, akakhutira nane andilembe. Ndinatsala pang'ono kuvina m'basi.

Ntchito yake inali yotere. Ndinkakhala kuseri kwa galasi, mahedifoni kumutu, patsogolo panga pali malaini a foni asanu ndi limodzi. Munthu akaimba, ndinkalemba pakompyuta dzina lake, kumene ali ndi mfundo yake, muulutsi n'kumawerenga pa sikirini yake mu situdiyo. Ine ndi amene ndinkasankha woti alankhule. Kudzanja lamanja kunali batani lofiira. Mawu ankachedwetsedwa masekondi asanu ndi awiri asanafike kwa omvera, ndiye wina akatukwana kapena kunamizira munthu mlandu, ukadina batanilo mawuwo amafera m'njira. Kunena zoona, ndinkadzimva ngati woyendetsa ndege.

Muulutsiyo anali a Derek, mkulu wa imvi, wa mawu ngati ng'oma, wosafuna kuti dziko lizisinthidwa mothamanga. Tsiku lililonse ankadandaula kuti masiku ano munthu sungatsegule pakamwa osayamba wayeza liwu lililonse, kuti anthu akuchotsedwa ntchito chifukwa cha nthabwala, ndiponso kuti nkhani ya kusintha kwa nyengo aisandutsa choopsezera ana. Zina ndinkagwirizana nazo, zina zinkandiipira, koma mkuluyo ndinkamukonda. Ankandipangira tiyi yekha, zimene bwana aliyense wa kwathu angakomoke atamva.

Apa ndi pamene ndinapalamula. Ine ndinaleredwa kuti munthu wamkulu satsutsidwa pagulu. Ukafuna kumuwongola umadikira anthu abalalike, kenako umalankhula motsitsa mawu. Ndiye aliyense woimba ndi mkwiyo kuti a Derek akunama, ndinkamuthokoza mwaulemu, n'kumuuza kuti malaini adzaza. Ndinkalowetsa okhawo ovomereza. Palibe anandituma. Ndinkaona ngati ndikusunga ulemu wa bwana, ndipo ndikusunganso ntchito yanga. Miyezi iwiri ndi theka inatha pulogalamu ikungoyenda ndi "mwalasa, a Derek".

Tsiku lovuta linafika kutatsala sabata ziwiri kuti andiuze ngati nditsale kapena ndinyamuke. Mutu unali wa nyengo. A Derek anatsegula ndi moto: mvula yakhala ikugwa chiyambire dziko, andale akungoopseza anthu, okalamba akuzizidwa m'nyumba chifukwa magetsi akwezedwa mtengo pofuna kusangalatsa ochita zionetsero za nyengo. Malaini onse anayaka nthawi imodzi. Nditayankha yachinayi ndinamva Chingerezi cha kwathu, chija sungachiphonye ngakhale pali phokoso la basi. Anali Mayi Nambewe, osamalira okalamba, ali pa ulendo wa kuntchito. Nawonso anandizindikira.

"Kodi ndiwe wakumudzi? Ndiye bwino. Ndilowetse ndiwayankhe abwana akowo."

"Pepanitu mayi, malaini adzaza."

"Iwe mwana, usandinamize, ndamva wekha wayankha. Mchimwene wanga ku Phalombe nyumba inapita ndi madzi, munda wonse ndi miyala yokhayokha. Ndiye wina azinena kuti n'zoopsezera ana?"

Ndinayesa kuwanyengerera kuti a Derek ndi munthu wamkulu, tisawachititse manyazi pagulu. Anaseka kuseka kowawa.

"Nanga ine ndine mwana? Ulemu wakowo uli ndi mbali imodzi?"

Mawu amenewo anandilasa. Ndinali wotsimikiza kuti ndikawalowetsa, ntchito yathera pompo. Komabe ndinalemba pakompyuta: Mayi Nambewe, ali m'basi, akutsutsa. A Derek anawerenga, anakweza nsidze, n'kundikodola kuti ndiwapatse. Chala changa ndinachiika pamwamba pa batani lofiira.

Sindinalidine. Mayiwo sanatukwane. Anafotokoza mwa Chingerezi chodekha mmene namondwe anagwetsera phiri pa mudzi wa kwawo, ndiponso kuti mvula imene makolo awo ankaidziwa tsiku lobwera masiku ano siidziwikanso. A Derek anawapepesa, koma sanabwerere m'mbuyo. Anafunsa ngati kuzizidwa kwa gogo wa ku Leeds kungamange nyumba ya ku Phalombe.

"Agogo amenewo ndimawasambitsa ine tsiku ndi tsiku," anayankha mayiwo. "Kuzizira kwa zipinda zawo ndikukudziwa kuposa inu. Tsutsanani za njira yolithetsera, koma musanene kuti vutolo ndi nthano."

Eee, mu situdiyo munatentha! A Derek anaimirira, akulankhula ndi manja omwe. Anati iwo sakana kuti nyengo ikusintha, chimene akana ndi mantha ndi kutseka pakamwa ofunsa mafunso. Mayiwo anati mantha a munthu amene wagona pamtengo madzi ali pansi si opeka. Anakokanakokana mphindi khumi, mpaka mayiwo anati, "Ndafika potsikira, odwala anga akudikira," n'kudula okha. Palibe anagonja. Malaini anga anali akuthwanima onse, ena okwiyira mayiwo, ena okwiyira a Derek.

Pulogalamu itatha a Derek anatsegula chitseko mwamphamvu. Ndinayamba kale kupepesa.

"Ukupepesa chiyani? Mayi ameneyu ndiye woimba wabwino kuposa onse chaka chino. Ndakhala ndikudabwa kuti chigawo chonse chino cha Yorkshire chayamba liti kugwirizana nane. Ndiuze zoona, anthu ngati ameneyu wabweza angati?"

Ndinaweramitsa mutu n'kuulula kuti ambiri, tsiku lililonse. Ndinafotokoza za kwathu, za ulemu wa akuluakulu. Nkhope yawo inafiira.

"Ndiye m'mawa uliwonse ndakhala ndikukalipira anthu otseka anzawo pakamwa, pamene wotseka pakamwa ali kuseri kwa galasi langa lomwe, akuchitira ine?"

Kenako anati kuyambira mawa wotsutsa aliyense azikhala woyamba pamndandanda, ndipo batani lofiira ndi la zotukwana ndi mabodza onamizira anthu basi, osati la maganizo amene iwo kapena ine sitikuwakonda. Ndinawachenjeza mwanthabwala kuti walira mvula walira matope. Nditawamasulira anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti matopewo ndiwabweretse.

Ndinawabweretsadi. Sabata ziwiri zotsatirazo anawasambitsa chokweza aphunzitsi, ophunzira, ngakhale m'busa wina wa ku Bradford, iwo akubweza mosangalala ngati mwana wapatsidwa mpira. Anandilemba ntchito, ndipo ndinakhalapo zaka zitatu. Pa nkhani ya nyengo sitinagwirizane mpaka ndinachoka.

Lero ndimaphunzitsa achinyamata ntchito yomweyi ku Manchester. Tsiku loyamba ndimawaonetsa malaini ndi batani, kenako ndimawauza chimene ndinachiphunzira mochita manyazi: ukamubisira munthu omutsutsa, ndiye kuti wamuyesa wofooka, ndipo woimbayo wamuyesa wopanda pake. Ine ndinanyoza anthu awiri nthawi imodzi, ndikuganiza kuti ndikupereka ulemu.