Mfuti ya Amalume Pansi pa Feteleza

Sukulu ndinaisiyira mu Fomu 2, ndipo ntchito yokhayo imene inandipeza inali yoyendetsa kapikiapu ka amalume ku Chulu. Malipiro ake anali akuti "ukuphunzira moyo, mphwanga". Moyowo ndinauphunzira, koma sudyeka.

Chaka china cha makuponi, mvula itakokolola mlatho, tinanyamuka ndi matumba a feteleza kupita kumunda wawo wakutali, kumene nguluwe zinkafukula chimanga. Amalume anatenga mfuti yawo. Azakhali, akazi awo, mayi wa thupi lake ndithu, anakwera kumbuyo pamatumba, poti kutsogolo kunakhala mfutiyo ngati mkwatibwi.

Vuto linali njira. Popanda mlatho, tinayenera kulambalala m'mphepete mwa paki ya nyama zakutchire, kudutsa pang'ono m'Zambia, n'kutulukiranso kwathu. Malire kumeneko si mpanda ayi, ndi mtengo wa mango umene aliyense amaudziwa. Mfuti yomweyomweyo kwathu inali ndi chilolezo, kupaki inali ya opha nyama mozemba, ku Zambia inali ya achifwamba. Akanailanda, amalume akanathera pomwepo, chifukwa ulemu wawo wonse m'mudzi unali m'chitsulo chimenecho.

Panalinso lamulo la iwo eni: mfuti saidumpha, ndipo mkazi akaikhalira imazizira, siiphanso.

Kupaki amalume anaikulunga m'chiguduli cha fodya, akutuluka thukuta, koma tinangokumana ndi anyani. Titayandikira mtengo wa mango uja, bambo wina wa panjinga anatiimitsa n'kutiuza kuti asilikali a ku Zambia aima kutsogolo, akusuzumira m'magalimoto.

"Ilowetseni pansi pa matumba," ndinatero.

"Pamene akhala azakhali akowo? Iwe, mutu wako ukuyenda bwino?"

"Ndiye kaionetseni, akakuombereni m'manja. Ine ndende ya dziko la eni sindiifuna."

"Mwana wosaphunzira iwe, ukudziwa chiyani za mfuti?"

"Bambo," anatero azakhali kumbuyoko, "bweretsani kuno ndodo yanuyo. Dzuwa likundiwamba."

Sanadikire yankho. Anatambasula dzanja pawindo, kuisolola, kuilowetsa pakati pa matumba, n'kukhalapo khwaa, chitenje chitayalidwa bwino. Amalume anatseka maso ngati ali pamaliro.

Msilikali amene anatiimitsa anali mnyamata wowonda, wa msinkhu wanga. Kutsogolo anapeza pampu ya matayala ndi amalume, zonse ziwiri zikupuma movutika. Atazungulira kumbuyo, maso ake anagwera pamatumba.

"Feteleza wa makuponi uyu. Mwabwera kudzagulitsa kuno?"

"Tikungodutsa, bwana," ndinayankha. "Mlatho wathu unapita ndi madzi."

"Amayi, tsikani ndione pansi."

Amalume anayamba kutsokomola. Azakhali anangomuyang'ana mnyamatayo kuyambira kunsapato mpaka kuchipewa.

"Mwanawe, pokwera pano achita kundikankha amuna awiri, wina msana ukumupwetekabe. Kutsika nditsika, koma pondikweza undikweza wekha."

Msilikali anayang'ana azakhali, n'kuyang'ana timikono take. Mnzake anali atayamba kale kuseka pamthunzi.

"Pitani, amayi. Musaime mpaka kwanu."

Titalowanso m'Malawi, amalume anaitulutsa mfuti ija, n'kuisisita ngati mwana wodwala.

"Yazizira," anatero.

"Yazizira bwanji ine nditaifungatira ulendo wonsewu?" anafunsa azakhali. "Gwirani bwino, yafunda imeneyo."

Madzulo ake nguluwe inatulukira kumapeto kwa munda, yonenepa, yosafulumira. Amalume anagwada, analozetsa, anaomba. Chimene chinagwa ndi nthambi basi. Nguluwe inatafuna kaye chimene inali nacho m'kamwa isanachoke.

Zoona zake n'zakuti chibadwire changa mfuti imeneyo inapha nkhuku imodzi, yathu yomwe, mwangozi. Koma kuyambira tsiku limenelo amalume anapeza pobisala. Pabawo, pamaliro, ngakhale kutchalitchi, amauza aliyense kuti mfuti yawo sinkaphonya, mpaka anaiwononga mkazi ndi mwana wothawa sukulu. Anthu amagwedeza mitu, amawamvera chisoni, ulemu wawo unachita kukula.

Nguluwe nazo sizinasiye kubwera. Amene anakhala kumundako mpaka kukolola, akuimba chitini ndi kamtengo, ndinali ine.