Kachipi Kamene Kanatukwanitsa Dona Balbina

Dona Balbina kwawo n'ku Tsangano, kumene abale awo amalima mbatata ya kachewere. Anabwera ku Tete motsatira amuna awo, amene ankayendetsa lole ya malasha ku Moatize. Ntchitoyo itatha, bamboyo anapita ku Beira ndipo sanabwerenso. Mayiwo anapeza ntchito yosesa pamalo pokonzera makomputadori, ndipo kwa zaka zisanu ndi chimodzi ankasesa maso ali pa zala za amisiri. Lero ali ndi kontena yawoyawo yokonzeramo makomputadori kudera la Samora Machel, ku Tete komweko.

Lolemba lina kunabwera Josefina, mlembi wa kampani ina ya malole ku Chingodzi, atakulunga komputadori m'chitenje cha kapulana. Ukaiyatsa inkangolira, koma pagalasi pali bii. Anafotokoza kuti Jacinto, mphwawo wa abwana ake, amene anaphunzira ku Maputo, ankaikamo pulogalamu yatsopano, magetsi n'kuthima ntchito ili pakati. Koma abwana ankaloza chala Josefinayo, ati ndiye amakhala nayo tsiku lonse.

Dona Balbina anatsegula n'kupeza kuti vuto lili pa kachipi ka miyendo isanu ndi itatu, kochepa ngati nyemba, kamene kamauza makina poyambira akangoyatsidwa. Anayesa kukalembanso, koma kanali katafa. Ka mtundu womwewo sanakapeze m'tauni monse. Atavundukula katoni yawo ya mapulaka akufa, timatabwa ta m'kati mwa makomputadori, anapeza ka fakitale ina, koma kosunga zinthu zochuluka mofanana ndiponso kodya magetsi ofanana. Anakalembera pulogalamu yoyenera, n'kukawotcherera, kadontho ka pangodya kataloza kumene kankaloza kakale. Komputadori inadzuka. Anamufotokozera Josefina zonse, koma iye pothamangira kuntchito anaiwala kakale kaja patebulo.

Lachitatu masana galimoto inaima pakhomo. Anatsika a Lourenço, abwana aja, Jacinto ali pambuyo atanyamula komputadori. Moni sanapereke. Anayamba kukalipa ali panja, mpaka amayi ogulitsa tomato anasiya malonda n'kusendera. Ankati mayi uyu ndi wakuba, wazula chipangizo chenicheni n'kuikamo cha kudzala. Jacinto ankaonetsa anthu chithunzi pafoni, kuti aone okha kuti dzina la pakachipi lasiyana.

Dona Balbina anafunsa ngati makinawo asiya kugwira ntchito. Anayankhidwa kuti nkhani si imeneyo.

"Ndiye mwabwera ndi chinthu chamoyo kudzanditukwana pamaso pa anzanga," anatero. "Kanu kenikeni ndi aka. Khalani pansi, bambo, ndikubwezereni."

Anagwira chowotcherera. Kenako anazula kawo kaja, n'kubwezeretsa kakale anthu onse akuona. Anayatsa. Pagalasi bii. Anauza Jacinto kuti ayese yekha, ndipo anadina katatu konse thukuta likutsika m'khosi.

A Lourenço anatsitsa mawu n'kunena kuti basi, abwezeretse chinacho.

Dona Balbina anati, "Cha kudzala chija? Iyayi. Wa ku Maputo ali pomwepa."

Amuna awiriwo anainyamula yakufa n'kubwerera nayo ku Chingodzi. Madzulo ake Dona Balbina sanadye. Anauza mnansi wawo kuti kuthawidwa ndi mwamuna kunawawa, koma palibe anawatchapo wakuba, ngakhale m'zaka zosesa zija, pamene ankasunga makiyi a anthu.

Lachisanu Josefina anabweranso nayo wapansi, maso atatupa. Mayina a madalaivala ndi maulendo onse a mwezi umenewo zinali m'makinamo, ndipo anali atauzidwa kuti ikapanda kudzuka asadzaonekenso kuntchito, poti ndiye anaipereka kwa mayi wa m'kontena. Dona Balbina anatukwana m'Chinyungwe, chinenero chimene amachiyankhula akapsa mtima kwambiri, kenako anayatsa chowotcherera. Sanafune kuti mwana wa mnzawo achotsedwe ntchito chifukwa cha amuna awiri osatha kupepesa.

Komputadori ija ikugwirabe ntchito mpaka lero. A Lourenço sanapondenso pakontenapo. Dalaivala wina amene anabweretsa foni yake mwezi wotsatira anasimba kuti ku Chingodzi abwana amauza alendo kuti mphwawo ndiye anaidzutsa. Dona Balbina anamufunsa ngati iye amakhulupirira zimenezo. Dalaivalayo anaseka, n'kunena kuti akanakhulupirira sakanawoloka tauni yonse padzuwa lotere.