Perekaniperekani Wopanda Mkwati

Mwana wanga wamkazi, wachitatu kubadwa, anatsika sitima ya panyanja pa Chipyela, kuno ku chilumba chathu, ali ndi chikwama chimodzi ndi nkhani yoti sinandigoneke tulo chifukwa cha chimwemwe. Ankafuna kujambula filimu ya zionetsero zathu, ife amayi.

Zionetserozo zinachitika chaka chimene sitima inasiya kubwera kwa nthawi yaitali. Ufa unatha m'magolosale, sopo yemwe, ndipo odwala ankawoloka pa timaboti mtima uli m'mwamba. Tinanyamuka ku Khuyu, anzathu a ku Yofu anatipeza panjira, aliyense atasenza lichero lopanda kanthu, tikuimba nyimbo za kutchalitchi mpaka ku maofesi a boma. Ine ndinali kutsogolo ndithu. Palibe anajambula. Ena mwa amene tinayenda nawo Ambuye anali atawatenga kale, ndipo mwana wanga ankafuna otsalafe tifotokoze tisanapite.

Vuto linali kamera ndi chojambulira mawu. Mwini wake ku Mzuzu ankabwereketsa molipiritsa. Mwanayo anati masiku ano anthu amasonkherana pa foni, ndipo anali atalemba kale pempho lake, n'kulitumiza kwa anthu akwathu okhala ku Lilongwe, ku Zambia, mpaka ku Joni. Ine ndinagwada n'kuiyikiza foniyo m'manja mwa Mulungu.

Mayankho anabwera ambiri, koma anali tizithunzi ta manja opemphera ndi ta chala chachikulu. Opereka anali anzake ochepa a kusukulu. Tsiku lina tikusenda chinangwa anandiuza kuti sitima ikabweranso zinthu zili chomwecho, akwera n'kubwerera kutauni, za filimu ziiwalike.

Ndinamufunsa ngati munthu akapereka pa foniyo amavina. Anaseka mpaka mpeni unagwa. Ndinafunsanso kuti nanga dzina lake amalitchula ndani.

"Palibe, amayi. Amangodina basi."

Apo m'pamene ndinadziwa chimene chavuta. Chopereka cha Mulungu timaponya mwakachetechete, inde, koma cha chisangalalo munthu wa kuno amapereka akuvina, dzina lake litaitanidwa, anzake akulira nthungululu. Ndinasiya chinangwacho m'beseni n'kuthamangira kwa alamu anga, amene amatsogolera gule wa chioda ndiponso amaitanira anthu pa maukwati. Anati ndisadandaule, Loweruka pansi pa mlambe kukhala perekaniperekani wa mwana wathu.

Koma kwathu kuno perekaniperekani amayendera limodzi ndi ukwati. Uthenga pofika ku Yofu, mwana wanga anali atapeza banja. Loweruka anthu anabwera atatchena, ena atanyamula mbale zatsopano, ena zitenje, ena nkhuku, ndipo mayi wina anasenza mtondo kuchokera kwawo. Anakonza ngakhale mipando iwiri kutsogolo. Mwana wanga anakhala pa umodzi, nkhope ili pansi, winawo uli wopanda munthu.

"Mkamwiniyo mwamubisa kuti, kapena wadwala mafunde?" anafunsa mayi wa mtondo uja, anthu n'kufa nazo.

Koma alamu anga analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi lichero langa lakale lija la ku zionetsero, n'kulikhazika pa mpando.

"Mwamuna wake ndi ameneyu," anatero. "Samwa, sayendayenda, koma njala ndiye yake. Mudyetseni!"

Kenako mwana wanga anaimirira n'kufotokoza. Anatchulanso anzathu amene anatisiya. Mayi wa mtondo ndi amene anayambitsa nyimbo ija tinaimba panjira, ng'oma n'kuilandira.

Abale anga, kuvina kwake! Alamu anga ankaitana magulumagulu ngati pa ukwati weniweni. Anayamba ndi amene tinasenza malichero. Anaitana aphunzitsi ndi anamwino ochokera kumtunda, amene tsiku lija ankatisuzumira pa mawindo. Kenako anaitana azibambo amene anabisala kuseri kwa maukonde akazi awo akuguba, nati amenewa avine kawiri. Bambo a m'nyumba mwanga anali m'gulu lomwelo, ndipo anavina osawiringula.

Mwana wanga ankajambula ndi foni n'kumatumiza kwa anthu aja a tizithunzi. Ng'oma zisanazizire foni inayamba kulira. Woyamba anali mwana wa achimwene anga wa ku Joni. Anati watumiza gawo lake, koma akufuna azakhali ake amuvinire, dzina lake litchulidwe, ndipo aone. Ndinamanga chitenje n'kulowa m'bwalo. Atangoona ena, aliyense ankafuna chomwecho: mundivinire, munditchule, muwauze amayi anga kuti ndinalipo. Amene analibe wachibale pabwalopo ndinkawavinira ine. Ndinavinira anthu oti sindikuwadziwa n'komwe, mpaka mawondo anayamba kundikumbutsa zaka zanga, koma mtima unkati pitiriza.

Nkhuku ndi mbale eni ake anakana kubwerera nazo, choncho tinagulitsa ku msika, nazonso zinathandiza. Mtondo wokha ndinaukaniza. Ndimasinjiramo mpaka lero.

Sitima itabwera ndinapita naye mwana wanga ku doko, koma chikwama chake chinatsala kunyumba. Tinkakalandira kamera. Ndinaisenza ndekha pamutu mpaka ku Khuyu, iye ali pambuyo akundichonderera kuti ndiyende pang'onopang'ono, ine ndikuimba zoyamika Ambuye njira yonse.

Woyamba kujambulidwa anali mayi wa mtondo uja. Anakhala pamkeka, lichero lili pamiyendo, n'kuyang'ana kamerayo mwaulemu. Asanayambe anafunsa ngati kumapeto kwa filimu maina a onse amene anavina adzatchulidwa. Mwana wanga anandiyang'ana, nati adzatchulidwa onse, ngakhale amene anachita kuviniridwa.