Nyemba za Apongozi a Goloboyi

Mwamuna wanga anali goloboyi wa timu ya pa esiteti ya fodya ku Kapelula. Manja ake ankagwira mpira uliwonse, koma mimba yake sinkagwira kanthu. Akadya nyemba kapena ndiwo zotendera tsiku la mpira, ankasiya golo pululu n'kulowa m'munda ali chiweramire. Anzake anatopa naye. Anamuuza kuti akadzathawanso kamodzi kokha, pagolo aikapo wina. Munthu amene sabata yonse ankasoka fodya wa eni, golo lija ndilo linali ulemu wake.

Ndiye ndinamusunga ngati khanda. Mpira ukayandikira, ankangodya phala la ufa woyera, mpunga wopanda mafuta ndi nthochi zakupsa. Thobwa ayi, zitumbuwa ayi. Ankang'ung'udza, koma golo anasiya kulithawa.

Chaka china cha makuponi a feteleza, anthu atakhuta chimanga n'kukumbukira mpira, timu yake inakasewera kwathu ku Lukwa. Womwetsa zigoli wa kumeneko anali mlongo wanga, mzime wa amayi.

Tinafika m'mawa. Amayi anatiyalira mphasa m'nyumba n'kutumiza mbale: nyemba zosambira m'mafuta, nkhwani wotendera ndi thobwa logonetsa. Mkamwini sadyera pamaso pa apongozi, komanso sabweza mbale yodzaza. Akanabweza, nkhaniyo ikanafika mpaka kutchalitchi.

"Amake mwana, nditani ine?" ananong'ona, thukuta lili kamukamu.

"Idyani nthochi zanuzo. Izi ndisiyireni."

Ndinadya zanga, ndinadya zake, thobwa ndinagugudiza lonse. Mbale zinabwerera zili mbee.

Chigawo choyamba cha mpira ndinakhala pabwalo mwaulemu, chitenje chatsopano chili m'chiuno. Chachiwiri, m'mimba mwanga munalira thirakitala. Ndinapirira, ndinapemphera, ndinaluma mlomo. Woyimbira atapereka penate, mlongo wanga akuika mpira pansi, ine ndinali pa liwiro kulowera kuseri kwa chigafa cha fodya. Ndili chinjutire komweko ndinamva bwalo lonse likuphulika, osadziwa kuti akukuwa ndi a mbali iti. Ndinalira ndi mkwiyo, sindinama.

Mwamuna wanga anaugwira mpirawo. Mpaka lero amasimba mmene anaulukira, ine n'kumavomera ngati ndinaona.

Madzulo amayi anandipeza nditagona pakhonde, milomo itauma.

"Mbale zija anadya ndani?"

"Akamwini anu, amayi."

"Usandipusitse iwe. Nkhani ya mimba yawo inafika kuno kalekale. Mafuta aja ndinachita kukapempha kwa azakhali ako, kuti mlongo wako naye aoneke munthu."

Atatero, anapita kukhitchini. Anabwera ndi phala la ufa woyera, lopanda nsinjiro, n'kundiikira supuni m'manja.

"Imwa," anatero. "Wakwatiwadi, mwana wanga. Kuno kwatsala dzina lako lokha."