Nsapato za a Phiri zabisidwa

Lachitatu ndinapita ku Wusakile kukazonda alamu anga, a Phiri. Mwezi watha thanthwe linagumuka mumgodi, pafupi ndi pomwe ankaboola. Sanavulale ngakhale chala. Koma chichitikireni zimenezo, akangoganiza zoima pakhomo la kheji, chikepe chotsitsira anthu pansi, amagwidwa ndi mantha. Tchuthi cha odwala chikutha Lolemba. Akakanika kutsika, ntchito yawathera.

Ndinawapeza pa sofa, atafunda bulangete dzuwa likuswa mtengo. Amayi a Mvano anali akutuluka, akulu a mpingo akulowa.

"Pepani a Phiri. Zinachitika bwanji kodi?"

Iwo n'kuyambanso: kulira kwa thanthwe, fumbi, mdima.

Alendo atapita, anafunsa nsapato zawo. Munthuyu ankathamanga m'mawa uliwonse kukafika ku Nkana East n'kubwerera.

"Awe mukwai!" anakanitsitsa achemwali anga, akazi awo. "Anthu akuoneni mukuthamanga? Akanena kuntchito kuti mukunamizira kudwala. Ndabisa."

"Ndiye ndiolere pompano, amake Tiya?"

"Olani, bola muli moyo."

Tinaseka, koma ine mtima sunakhale m'malo.

Umu ndi momwe timasamalira munthu amene wapulumuka pangozi. Timamukhazika, timamufunditsa, ndipo mlendo aliyense amamubweza pamalo pangozipo ndi funso limodzimodzi. Ndi chikondi, sindikukana. Koma ubongo wake tikuuphunzitsa chiyani?

Ofufuza za ubongo amati mantha amaphunziridwa, ndipo safufutika ngati choko pabolodi. Munthu amachira pophunzira phunziro lachiwiri: kuyandikira chomwe akuopacho pang'onopang'ono, osaona choipa, mpaka ubongo uvomere kuti lero si tsiku lija. Pa makoswe, aona kuti kuthamanga kumathandiza phunziro lachiwirili kukhazikika. Pa anthu akuyesabe, ndipo zotsatira sizifanana nthawi zonse. Palibe amene akuti mpikisano wa liwiro ndi mankhwala. Nkhani ngati ya a Phiri imafuna dokotala kapena mlangizi wodziwa ntchito yake.

Koma sindinamvepo wofufuza akuyamikira sofa.

Achemwali sakulakwa kuopa. Kuno kwathu wodwala ayenera kuoneka wodwala. Bala la pamwendo timalimvetsa. La m'mutu timafuna umboni, ndipo umboni wake ndi bulangete. Munthu akatuluka thukuta pamsewu, basi, wachira kapena ndi wabodza.

Ndinapempha achemwali kuti a Phiri aziyendako wapansi m'mawa, ngakhale kungofika pomwe nsanja ya mgodi imaonekera, n'kubwerera.

"Iwe uli ndi ntchito ya pa desiki, yolemba nkhani," anandiyankha. "Ana anga adzadya nyuzipepala?"



Lolemba kheji idzatsegula chitseko, anzawo adzalowa akuseka. Munthu amene mwezi wonse sanaloledwe kufika ngakhale pageti la nyumba yake, tikuti adzalowa ndi miyendo iti?